Batire la a Tcheya

Padangokhala, chaka chija cha 2022 pamene namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi adayamba kubwera ngati mlendo wongodutsa. Pa malire a Mwanza mathiraki ochokera ku Beira ndi ku Johannesburg adali ndandanda mpaka ku Zobue, madalaivala akufuna madzi ozizira ndi potchajira mafoni. Nyama za pamenepo zidapangana zogula sola kuti filiji ya gulu isamazime.

Kalulu adagulitsa manachesi nyengo yonse nagula batire la lithium la 12.8V, 100Ah. A Njovu, pokhala tcheyamani, adatuma Fisi, ejenti wa pachipata, ndipo adawabweretsera chibatire cholemera zedi, chomata chake chikunyezimira: 200Ah.

Adaitana Fulu, mmisiri wa zamagetsi.

"Ngosiyana kukula, koma angathe kugwira ntchito limodzi," adatero Fulu. "Tiwaike mbali ndi mbali, pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, poti ndi a mtundu umodzi, mavoti ndi ofanana. Tiyambe tawatchaja padera mpaka alingane, apo ayi lodzaza likhuthulira moto m'linzake nthawi imodzi, waya n'kupsa. Lililonse ndi fyuzi yake, mawaya otalika mofanana. Tikatero tili ndi 300Ah, lalikulu lizisenza zambiri, laling'ono zochepa."

A Njovu adakupiza makutu. "Mbali ndi mbali? Ine ndi Kalulu? Kenako langa lizisenzanso zambiri? Iyayi. Langa patsogolo, kake pambuyo, pamzere, monga timakhalira pamsonkhano."

"Pamzere, bwana, mavoti amaphatikizana kufika 25.6, koma moto wodutsa m'mabatire onsewo ndi umodzi. Laling'ono likatha, BMS yake, yomwe imateteza batire, imadula, zonse n'kuzima, ngakhale lalikulu likadali ndi theka. Ndiponso inveta yathuyi ndi ya 12V."

"Ya 24V ilipo kwanga," adatero Fisi akunyambita. Gulu lidasonkhanso.

Usiku woyamba womwewo filiji idazima tambala asanalire. Pofika m'mawa mafirizesi onse adali madzi. Mlandu sudachedwe, pakuti Fulu adali atanena yekha pamaso pa onse kuti laling'ono ndilo limazimitsa. Nyani adaloza Kalulu, Nguluwe idavomereza, ndipo komiti idagamula kuti kabatire kake kachititsa manyazi gulu, alipire dengu la manachesi.

Kalulu adalipira osawiringula. Adangopempha chimodzi: "A tcheya, a Fulu ayeze mabatire onse awiri pabwalo pano, kuti ndidziwe kukula kwa kulakwa kwanga."

A Njovu adalola, akusenda nachesi. Fulu adatchaja lililonse palokha mpaka kudzaza, nalumikiza mababu ndi mita yake, n'kukhala pansi kudikira. Kudikira ndiye Fulu amakutha. La Kalulu lidatulutsa pafupifupi 100 yake yonse. La a tcheya lidafika pa 70, BMS n'kudula. Fulu adamasula zomangira, natsegula chivundikiro, ndipo pansi pa maselo padali njerwa ziwiri zowotcha bwino, zokutidwa m'nyuzipepala.

Pabwalo padangoti zii. Atayang'ana uku ndi uku, Fisi palibe. Akuti adawolokera ku Zobue, kwagwa maliro a azakhali ake.

Komiti idakumana madzulo omwewo, pamzere, a tcheya patsogolo. Idapeza kuti mita ya Fulu ndi yowonongeka, komanso kuti kutsegula katundu wa tcheyamani popanda chilolezo ndi chipongwe. Fulu adamulipiritsa dengu lina. La Kalulu silikadabwezedwa chifukwa makoko okha ndiwo adatsala.

Kalulu adanyamula batire lake, ndipo mpaka lero amatchaja mafoni a madalaivala pafupi ndi chipata. M'filiji ya gulu akusungiramo mabuku a komiti. A Fisi adabwerako kumaliro kuja, ndipo pachisankho chapitachi adawasankha kukhala msungichuma.