Chikulira N'chiyani M'bonetimu?

(Mbandakucha m'chigwa cha Domasi. Atambala. Injini ya dizilo ikulira, koma mkati mwake mukumveka phokoso lina: khwerere, khwerere.)

ABITI SAIDI: Odi kumeneko, Che Jafali! Kumzikiti azana sinamveke n'komwe, inu mwatidzutsa kale mudzi wonse.

CHE JAFALI: Ndikutenthetsa injini, Abiti. Matumba a mpunga awa akufunika pa Songani msika usanadzaze.

ABITI SAIDI: Dzulo ufa wanga ndinayanika woyera, ndinakaanula wa bii ndi utsi wanu. Ndiye lero mwawonjezera nyimbo yatsopano?

CHE JAFALI: Nyimbo yomweyo ndi imene yandisowetsa tulo. Yayamba Lachiwiri ndikuchokera ku Liwonde, nditangodutsa pa Malosa. Ndipo ndikudziwa kuti alipo wayenda usiku pagalimoto pangapa.

ABITI SAIDI: Mukundiyang'ana chonchi, mfitiyo ndine?

CHE JAFALI: Sindinatchule munthu. Ndangoti mbuzi zanu zimagona kunsi kwake.

ABITI SAIDI: Asa! Mfiti yanzeru ingataye mankhwala pa Hilux ya 1990? Chinthu chakale ngati mishoni ya Domasi, ija anayambitsa a Hetherwick mu 1884! Tsegulani bonetiyo.

CHE JAFALI: Inu? Za injini?

ABITI SAIDI: Malemu bambo a kunyumba anali makaniko ku PVHO. Mukuganiza kuti masipanala ankawagwirira ndani Loweruka? Tsegulani.

(Boneti ikutseguka, gwaa. Phokoso likukula.)

CHE JAFALI: Kamnyamata ka pa Chinamwali kanandiuza kuti injini yanoka. Akuti tiitsitse yonse, ndigulitse mbuzi zinayi.

ABITI SAIDI: Anamvera ndi khutu kapena anayang'ana m'thumba mwanu? Injini yonoka simalira chonchi. Imagogoda pansi, gu gu gu, ndipo mukamakwera chitunda ndi katundu kugogodako kumakula. Kanyali ka oyilo kamayaka?

CHE JAFALI: Kanyaliko ndinakamata ndi pulasitala. Kamandithobwa m'maso usiku.

ABITI SAIDI: Kalanga ine! Sololani kachitsulo koyezera oyiloko. Pukutani, bwezerani, sololaninso. Ehe. Oyilo alimo, wakuda koma alibe tizitsulo tonyezimira. Mabering'i a pansi akanadyeka bwenzi tikuona timchenga tagolide pa chala changachi.

CHE JAFALI: Ndiye ndi matapeti. Ndinanena ine.

ABITI SAIDI: Munanena mfiti. Matapeti amalira pamwamba, mopepuka, tiki tiki tiki. Ndibwerekeni sikuludiraiva yaitali.

CHE JAFALI: Muikenso chikole. Lichero la akazi anga munabwereka chaka chatha.

ABITI SAIDI: Bweretsani kuno! Onani: nsonga pa chitsulo, chigwiriro pa khutu. Chitsulo sichinama, chimakubweretserani phokoso la pamalo pomwe mwakhudza.

CHE JAFALI: Chitenjecho, mayi! Fani ikukokerani mkati, anthu adzati ndakuphani dala.

ABITI SAIDI: Ndamanga. Khalani chete. Pamwamba pa mavavu... bwinobwino. Pansi apa... bwinobwino. Pa pampu ya dizilo... kungoti mumaimwetsa mafuta a m'zigubu osakaniza ndi parafini, koma ikupirira. Kutsogolo kuno... Eee! Ikani khutu lanu.

CHE JAFALI: Iii! Mukukukutika zinthu umu! Si fanibeluti imeneyi?

ABITI SAIDI: Lamba akamaterera amalira mokuwa, kwiii, ndipo mukamuwaza timadzi amayamba watonthola. Uku n'kukukuta kwa bering'i youma. Lamba ameneyu amazunguza pampu ya madzi ndi alternator. Wolakwa ali pakati pa awiriwa. Zimitsani.

CHE JAFALI: Ndizimitse? Abiti, sitata inafa nthawi ya Covid. Mukuganiza ndimaimika pachitunda pano chifukwa chokonda kuona phiri la Malosa?

ABITI SAIDI: Zimitsani, bambo!

(Injini ikuzima. Kulira kwa masipanala.)

ABITI SAIDI: Lamba watuluka. Zunguzani alternator ndi dzanja.

CHE JAFALI: Ikuyenda myaa.

ABITI SAIDI: Tsopano gwirani fani, muigwedeze uku ndi uku.

(Gwede, gwede.)

CHE JAFALI: Ikugwedera.

ABITI SAIDI: Siyenera kugwedera ngakhale pang'ono. Suzumirani kunsi kwa pampuyo, pali kabowo. Mukuuona mzere wadzimbiriwo? Madzi akhala akudontha pamenepo, atsuka girizi yense mu bering'i. Mu redieta mumathira chiyani?

CHE JAFALI: Madzi. A mumtsinje wa Domasi, ochokera kuphiri, ozizira bwino. Nsomba za ku Fisheries zikunenepa nawo omwewo.

ABITI SAIDI: Galimoto yanu ndi chambo? Nthawi ya dzinja madzi amenewo amakhala ndi matope, matopewo ndi amene adya chotsekera cha pampu. Mugule pampu ina. Mukaisowa mu Zomba, ku Ndirande siisowa. Muthirenso coolant, musiye kutunga pamlatho.

CHE JAFALI: Pampu yokha? Mbuzi zanga zapulumuka?

ABITI SAIDI: Zitatu. Imodzi ndi ya amene wapeza matenda.

CHE JAFALI: Ayi, ayi. Umboni kaye. Ndiilize yopanda lamba, phokoso likasowa ndikhulupirira.

ABITI SAIDI: Mphindi imodzi yokha, apo ayi itentha, mudzainoketsa zenizeni. Lizani.

CHE JAFALI: Kankhani.

ABITI SAIDI: Ine? Mayi wa zidzukulu?

CHE JAFALI: Mwazimitsitsa ndinu. Chotsani mwala kuthayalako. Giya yachiwiri... Tiyeni! Limbikani, Abiti, nsima ija mumadyera chiyani?

(Kubuula. Matayala pa miyala. Injini ikutsokomola, kenako ikulira bwinobwino.)

CHE JAFALI: (patali) Latha! Phokoso latha! Mverani mmene ikuyimbira!

ABITI SAIDI: Ndinakuuzani! Imani tsopano! ... Mayo ine, ndaiwala. Che Jafali! Injini za 3L zimenezi kapampu kothandiza mabuleki kali kumbuyo kwa alternator! Popanda lamba buleki imauma!

CHE JAFALI: Mukuti chiyani? Buleki yauma gwaa!

ABITI SAIDI: Pondani ndi mphamvu zonse! Kokani handibuleki!

CHE JAFALI: Waya wake ndi uja akazi anga amayanikapo zovala!

ABITI SAIDI: Khotetsani kumanzere! Kumanzere! Uko ndi kwanga!

(Phwaa! Mpanda wa udzu ukugwa. Nkhuku kubalalika, mbuzi kulira. Injini ikuzima.)

ABITI SAIDI: Mpanda wanga! Chinangwa changa! Mwavulala?

CHE JAFALI: Ndili bwino. Nyali imodzi yasweka. Mulipira ndinu, makaniko wake.

ABITI SAIDI: Tikaonana kwa amfumu. Ndipo mpunga wakhuthukira m'munda mwangawu musaukhudze, ndi umboni.

CHE JAFALI: Nanga nkhuku zanuzi zikudya umboniwo bwanji? Shii! Shii! Abiti, gwirani nkhuku!