Ku Ligowe filimu imazengedwa mlandu tsiku lomwelo

Ku Ligowe, m'boma la Neno, mlandu woti filimu ndi yabwino kapena ayi sugona. Umazengedwa tsiku lomwelo m'kachipinda kamdima kuseri kwa magolosale, ndipo oweruza ake amayamba alipira pakhomo. Mlendo safunika kufunsa njira. Angotsata kulira kwa mfuti kochokera pa sipika imene mwini vidiyo sho amaipachika panja dala, kuti ngakhale mayi wogulitsa manachesi kutsidya kwa msewu adziwe kuti nkhondo yayambika.

Pakhomo pamakhala nsalu imene palibe akukumbukira mtundu wake woyamba, ndi bolodi lolembedwa ndi choko. Pa bolodipo dzina la filimu silikhala ndi ntchito kwenikweni. Amalembapo dzina la womenya: Jet Li 2 koloko, Rambo 4 koloko, mpira madzulo. Amene adailemba filimuyo, amene adaijambula, ndi mphoto zimene idapata kunja, zonsezo ndi nkhani za eni ake.

Mkati aliyense amadziwa malo ake. Ana amakhala pansi kutsogolo, khosi lili chagada, ena atavala yunifolomu ndipo makope atawabisa m'malaya. Anyamata a kabaza amakhala pafupi ndi khomo, diso limodzi pa kanema, lina pa njinga. Benchi yakumbuyo ndi ya madala amene sabwera kudzaonera filimu ayi. Iwo amangodikira foni imene asiya pa tchaja, ndipo foniyo siidzadza mpaka mkulu wa zigawenga atafa. Pakati penipeni pamakhala munthu woopsa kuposa onse, amene filimuyo adaionera kale kanayi. Ameneyu sangapirire. "Muone, muone apa! Ameneyu amupha pompano." Akamudzudzula kuti achimwene tatisiyeni tione tokha, amakhala chete mphindi imodzi, kenako n'kunong'oneza woyandikana naye kuti mkazi uja ndi kazitape.

Bwaloli lili ndi malamulo ake, osalembedwa koma odziwika ndi mwana yemwe. Loyamba, chibakera chisachedwe. Lachiwiri, woipa azioneka pankhope kuti ndi woipa. Lachitatu, sitelingi amenyedwe, atuluke magazi, akomoke kumene, koma asafe. Malamulowa adakhazikika kale, nthawi ya matepi, anthu akuonera Bruce Lee mu Enter the Dragon ya mu 1973, Chuck Norris mu Missing in Action ya mu 1984, Arnold Schwarzenegger mu Commando ya mu 1985 ndi Jean-Claude Van Damme mu Bloodsport ya mu 1988. Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999, choncho Amalawi ambiri adadziwa Rambo asanaonepo nkhope ya wowerenga nkhani. Filimu iliyonse yatsopano imayesedwa pa sikelo ya akuluakulu amenewa.

Pa mafilimu omenyana, a masiku ano sakuchita manyazi kwenikweni. John Wick, amene amasewera ndi Keanu Reeves, amakhoza lamulo loyamba mopitirira muyeso. Chovuta n'chifukwa chake chomenyera. Mu filimu yoyamba ya mu 2014, bamboyu adapulula anthu ankhaninkhani chifukwa cha kamwana ka galu ndi galimoto. Za galimotozo oweruza amazimvetsa. Za galuzo benchi yakumbuyo imapukusa mutu, poti kumudzi galu akaphedwa nkhani imathera kwa anyakwawa ndi chipepeso cha nkhuku. Filimu yachinayi ya mu 2023 ndiyo idachimwa kwambiri. Munthu wagwa pa nsanja, wagundidwa ndi magalimoto, wagubuduzika pa masitepe a ku Paris kuchoka pamwamba mpaka pansi, wadzuka, kenako kumapeto akutionetsa manda ake. Wolipira pakhomo amaona ngati amubera.

Mafilimu a Fast & Furious amakondedwa ndi a kabaza, ngakhale amawaonera monyoza. Mu gawo lachisanu ndi chinayi la mu 2021, galimoto idamangiriridwa roketi n'kupita mumlengalenga. Munthu amene amadziwa misewu ya Neno m'mwezi wa Januwale sangatengeke ndi zimenezo. Chigamulo chimakhala chakuti Vin Diesel abweretse galimoto yakeyo kuno mvula itagwa masiku awiri, anyamule matumba a nandolo, akafike ku Mwanza osakankhidwa, ndiye tikambirane.

Imene imawafika anthu pamtima ndi The Beekeeper ya mu 2024. Jason Statham ndi mlimi wa njuchi amene akubwezera akuba a pa kompyuta atasesa ndalama zonse za mayi wachikulire. Apa palibe wofuna kufotokozeredwa. Aliyense pa benchi adalandirapo uthenga wa pa foni woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo ena, amene amaseka mokweza kuposa anzawo, adatumizadi. RRR ya ku India ya mu 2022 nayo imapambana mlandu mosavuta. Ndi yaitali maola atatu, koma muli akambuku, muli kuvina, muli atsamunda akukwapulidwa, ndipo palibe mpata woti munthu akagule chiwaya.

Mavuto amayamba akafika mafilimu a sayansi, a zamlengalenga aja. Dune: Part Two ya Denis Villeneuve idatuluka mu 2024 ndipo akatswiri adaiyamikira kwambiri. Ndi nkhani ya dziko la mchenga wokhawokha, kumene madzi ndi chuma ndipo anthu amakwera nyongolotsi zazikulu kuposa sitima. Koma imatenga pafupifupi maola atatu, ndipo nthawi yambiri anthu amangonong'onezana atafunda nsalu kumaso. Wa ku Ligowe akaona anthu akuvutikira madzi padzuwa loswa mtengo amati zimenezo akazione yekha ku Zalewa mu Okutobala, ulere.

Avatar: The Way of Water ya James Cameron, ya mu 2022, idapanga ndalama zoposa madola 2 biliyoni. Idakonzedwera makanema aakulu ngati khoma la nyumba, oonera atavala magalasi apadera. Ikamafika kuno imakhala itapanikizidwa kuti ikwane mu memori khadi pamodzi ndi nyimbo za kwaya, ndiye nyanja yokongola ija imangooneka bii, ndipo anthu abuluu a michira aja amatsala ndi dzina limodzi lokha, ziwanda. Gogo akasuzumira pa foni ya mdzukulu amalamula kuti azimitse asanaitane abusa.

Komanso opanga mafilimuwa sadziwa kuti akupikisana ndi ndani. Anthu amene adakula akumva za lichero lonyamuka usiku n'kukafika ku Joni tambala asanalire sangadabwe ndi chombo chopita ku nyenyezi. Amangofunsa kuti chimadya mafuta ochuluka bwanji. Black Panther ya mu 2018 ndiyo idapulumuka, chifukwa kuseri kwa ndege zake kuli nkhani imene aliyense amaidziwa: ana a munthu ndi mng'ono wake akulimbirana ufumu.

Tsoka lenileni lili pa mafilimu a nkhani, olankhula okhaokha aja. Oppenheimer ya Christopher Nolan, ya mu 2023, idatenga mphoto 7 za Oscar. Mwini sho amene angayerekeze kuiika atalemba pa bolodi kuti "ya bomba" ayambe wabisa ndalama za pakhomo. Kwa maola atatu azibambo a masuti akungokambirana m'zipinda ngati msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Zigawo zina zidajambulidwa zakuda ndi zoyera, ndiye wina adzakuwa kuti kanemayu wapsa. Bombalo likamaphulika, patapita pafupifupi maola awiri, Nolan adachotsa dala phokoso kwa kanthawi. Ku London anthu adagwira mpweya. Ku Ligowe nyumba yonse idzatembenukira kwa mwini sho: "Bwana, sipika yanu yafa!"

Si kuti anthu sakonda nkhani. Kungoti nkhanizo zili ndi malo ake, ndipo malowo ndi kunyumba. Mafilimu a ku Nigeria adalowa m'dziko muno zaka za m'ma 2000 ndipo mpaka lero apongozi ovuta amatchedwa dzina la Patience Ozokwor, pamene ana aafupi ochenjera amatchedwa Aki ndi Pawpaw. Amayi, amene sakonda kulowa mu sho, amasonkhana kwa mnzawo wa sola n'kumatsata masewero a ku India ndi ku Philippines osatha aja. Bambo wa panyumbapo amati ndi zachibwana. Amakhala pakhonde atafulatira, wailesi ili pakhutu, koma mtsikana wa m'seweromo akatsala pang'ono kukwatiwa ndi munthu wolakwika, mawu amamveka kuchokera panja: "Ameneyo si wam'pha bambo ake uja?"

Pali munthu mmodzi amene angapulumutse filimu iliyonse, ndiye womasulira. Anyamata amenewa, ambiri a m'matauni a Blantyre ndi Lilongwe, amatsitsa mawu a filimu n'kuikapo awo m'Chichewa. Yekhayekha amakhala sitelingi, chigawenga, mkazi wa chigawenga ndi galu yemwe. New York amaisandutsa Ndirande, msilikali wa ku China amamupatsa dzina la kwathu konkuno, ndipo pamene sakumva Chingerezi amapeka zake zokoma kuposa za eni ake. Mkati mwa nkhondo amaima kaye kuti apereke moni kwa anzake ndi kulengeza nambala yake ya foni. Chifukwa cha iye, funso loyamba la wogula filimu silikhala loti ndi ya chaka chanji. Amafunsa kuti wamasulira ndani.

Kugulako kumachitikira pa kauntala ya mnyamata wa kompyuta, amene amathira mafilimu mu fulashi kapena mu foni. Ameneyu ndiye mlangizi wamkulu wa za mafilimu pamalopo, ngakhale zambiri amangoonera poyambira ndi pothera. Ukamufunsa ngati filimu ili bwino, yankho ndi limodzi: "Iyi ndi moto, aise." Bungwe la COSOMA, loteteza eni luso, lilipo kuyambira mu 1992, ndipo lamulo latsopano la za umwini wa luso lidabwera mu 2016, koma pa kauntalapo filimu imene idadya madola mamiliyoni mazanamazana imagulidwa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa zitumbuwa. A ku Hollywood sangamve kuwawa. Amene amalira ndi opanga mafilimu a kuno kwathu.

Ndipo alipo, akugwira ntchito yooneka. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene idapata mphoto ya Africa Magic ku Nigeria mu 2018. Joyce Mhango Chavula adapata mphoto yomweyo mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Fatsani, ya Gift Sukez Sukali, yokamba za mtsikana wogulitsa malonda m'misewu sukulu yake itatsekedwa, idatumizidwa kukaimira Malawi ku mpikisano wa Oscar mu 2021. Mafilimu amenewa alibe mabomba, koma akaikidwa anthu amakhala chete mwa mtundu wina, poti woipa wa m'menemo amafanana ndi munthu amene akumudziwa.

The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019 ili pakatikati. Ndi nkhani yoona ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene adapanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotola, njala ya mu 2001 ndi 2002 itamuchotsa pa sukulu. Adaijambulira ku Kasungu komweko. Koma bambo wa m'filimumo ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London, ndipo mwanayo ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Chichewa chawo chimachititsa Mchewa kuwerenga mawu a Chingerezi apansi aja kuti amve chilankhulo chake chomwe. Anthu amaseka mphindi makumi awiri zoyambirira. Ikafika pa mzere wolimbirana chimanga, amene adaiona njala imeneyo ndi maso sasekanso.

Woweruza womaliza, woposa onse, ndi magetsi. Nkula ndi Tedzani, kumene amapangira magetsi ambiri a dziko lino pa mtsinje wa Shire, zili m'malire mwa boma lomweli la Neno, koma zimenezo siziletsa kanema kuthima sitelingi atangokweza mwendo. Pamenepo pamabuka mlandu wina, woti ndalama zibwezedwe kapena anthu adikire jenereta imene mafuta ake akukagulidwa kumene. Wodziwa kale filimu uja ndiye amapeza mwayi. Amaimirira mumdimamo n'kuimaliza ndi pakamwa, ndipo kamodzi kokha anthu amamumvetsera.

Tsono mafilimu atsopanowa n'ngoyenera kuonera? Chigamulo cha bwalo la ku Ligowe chili motere. Omenyana, inde, bola sitelingi asafe. A sayansi adikire kaye kanema wamkulu, chifukwa pa foni yosweka galasi Dune ndi fumbi chabe. A nkhani ochokera kunja aonereni kunyumba, mutakhuta, pasakhale wolipira pakhomo. A kuno kwathu afunefuneni, ndipo akapezeka ogulitsidwa ndi eni ake, gulani kwa eni akewo. Koma ana a yunifolomu aja, mwini sho awabweze pakhomo mpaka belu lowerukira litalira.