Safunsa Anadya Phula, Ngakhale pa Linux

Makolo ponena kuti safunsa anadya phula ankaganiza za uchi. Masiku ano phulalo limagulitsidwa m'katoni. Ndi kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kobaya pa USB, kamene kamalumikiza kiyibodi ndi mausi zopanda waya ku kompyuta.

Ku Liparamba, m'boma la Nyasa ku Tanzania, kufupi ndi malire a Mozambique, kakangoti zii n'zovuta ndithu. Kuti mukapeze kena, mwina mukafike mpaka ku Mbinga. Ndiye mwini kompyuta amachita zimene amuna onse amachita. Amaigwedeza mausi, amaimenyetsa patebulo, amauzira mpweya m'bowo la USB. Zikakanika amaloza chala Linux: "Ndinanena ine, zaulere sizikhalitsa!" Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux mu 1991 ku Helsinki, watukwanidwa chonchi m'zinenero zambiri chifukwa cha mabatire akutha.

Chonsecho Linux ndi yolongolola, imangodikira woifunsa. Lembani lsusb, ikuwerengerani zonse zimene mwabaya. Mukaona 046d, imeneyo ndi nambala ya kampani ya Logitech, kachipangizoko kali moyo ndipo vuto lili kwina. Nthawi zina lili pabowo labuluu la USB 3.0. Mu 2012 kampani ya Intel inafotokoza kuti USB 3.0 imatulutsa phokoso losokoneza mafunde a 2.4 GHz, omwewo amene mausi imalankhulira. Kasamutsireni pabowo lakuda, kutali ndi fulashi, mausi idzuka popanda sing'anga.

Phula lenileni amadya wogula kachipangizo kakaunjika osafunsa mtundu wake. Kokhala ndi kanyenyezi kaolenji ndi ka Unifying ka Logitech, kanatuluka mu 2009, ndipo kamodzi kamasenza zipangizo mpaka 6. Ka Bolt, ka mu 2021, n'ka kampani yomweyo, koma awiriwa sapatsana moni. Ngakhale mitundu igwirizane, ukwati umafuna ankhoswe, ndipo pa Linux ankhoswe ake ndi pulogalamu yotchedwa Solaar. Imawamanga, n'kukuuzaninso moto umene watsala m'batire, funso limene munayenera kuyambira.

Koma achimwene, lsusb uja mulemba ndi chiyani pamene kiyibodi ndi mausi zonse zafa? Palibe kuchitira mwina, muvale nsapato mupite kwa mnansi, yemwe uja munkamuseka kuti tebulo lake ladzaza zingwe. Mukaombe m'manja pakhomo, mufunse za ana, za mvula, za mtengo wa usipa, kenaka mubwereke kiyibodi yake yawaya. Akupatsani ndithu, koma nkhaniyi ikafika kumsika inu musanafike kunyumba.