Ulemu Upite kwa 500, Wosenza Milandu ya Eni

Pa mauthenga onse amene seva imatumiza zinthu zikasokonekera, palibe wotukwanidwa ngati 500 Internal Server Error, komanso palibe wamakhalidwe ngati iye. Amene anakonza malamulo a HTTP anagawa manambala mochenjera: oyamba ndi 4 amaloza chala mlendo, oyamba ndi 5 amaloza seva. Ndiye 404 amati mwasochera nokha, 401 amati sitikukudziwani, 403 amati takumvani koma simulowa. Onsewa ndi akatswiri odziyeretsa. Koma 500, amene analipo kale m'chikalata cha HTTP/1.0 cha 1996, amangowerama n'kuvomera kuti vuto lili kuno kwathu. Zaka zonsezi sananamizirepo mlendo, ndipo maofesi amene angadzitame ndi mbiri yotere ndi owerengeka padziko pano.

Ubwino wake umaonekera kwambiri pamene mwini webusaiti ya WordPress akufuna kulumikiza pulogalamu yolembera nkhani ndi khomo lolowera. Kuyambira pa WordPress 5.6 ya mu Disembala 2020, munthu angathe kupanga pasiwedi yapadera yoti pulogalamu yakunja izilowera nayo kudzera pa REST API. Pasiwediyo imayenda m'kachigawo ka uthenga kotchedwa Authorization. Tsoka ilo, maseva ambiri a Apache amene amayendetsa PHP kudzera pa CGI kapena FastCGI amakataya panjira kachigawoka, WordPress n'kuona munthu wobwera chimanjamanja, n'kuyankha 401. Mwiniwake, mtima uli m'mwamba, amasakasaka pa intaneti, n'kupeza kamzere kakuti CGIPassAuth On, n'kukamata mu fayilo ya .htaccess osafunsa. Chonsecho kamzereko Apache anayamba kukadziwa pa 2.4.13. Seva ikakhala yakale kuposa pamenepo, kapena ngati eni seva sanalole lamulo lotere mu fayiloyo, webusaiti yonse imagwa nthawi yomweyo, tsamba loyamba ndi khomo lolowera lomwe. Wolakwa ndi chala chimene chinamata. Koma pa sikirini pamaoneka 500, atasenza zonse ngati mwini mbumba amene amapepesa pabwalo mlandu wa mphwake, podziwa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Omudandaula amati kuvomera kwake n'kopanda phindu chifukwa sanena chimene chavuta. Apa pali kusamvetsa. Seva imene imalakatula zolakwika zake pagulu imaonetsa mayina a mafoda, malo amene mafayilo ali, nthawi zina ngakhale dzina lolowera mu database, ndipo akuba a pa intaneti amadya pomwepo. Bambo 500 saulula za m'nyumba kwa odutsa. Zonse amalemba mwakachetechete m'kaundula wa zolakwika, error log, ndipo amalemba mwadongosolo: tsiku, ola, fayilo, ndi lamulo limene seva yalephera kulimva. Vuto likakhala la PHP, mwini webusaiti akangoyatsa WP_DEBUG ndi WP_DEBUG_LOG mu wp-config.php, amapeza fayilo ya debug.log mu foda ya wp-content itatchula plugin yolakwa ndi nambala ya mzere. Amene amati 500 salankhula ndi amene sanatsegulepo kaundulayo, ndipo kunena zoona, ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo mpaka tsiku limene bamboyu wawachezera.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera: makasitomala amathawa, nkhani imene imayenera kutuluka m'mawa imatuluka usiku. Zoona, sukulu yake ndi yodula. Koma taonani zimene amaphunzitsa tsiku limodzi. Munthu amalowa pa FTP, n'kusintha dzina la foda ya plugins kuti onse azime, kenako n'kumawabwezera mmodzimmodzi. Mpamene amazindikira kuti wakhala akusunga ma plugin awiri achitetezo olimbirana khomo limodzi, ndi ena amene sakumbukira kuti anawaika liti. Amaphunzira kuti mafayilo amayenera chilolezo cha 644 ndipo mafoda 755, kuti 777 imene anaika pofuna kuthana nazo msanga maseva ena amaikana, ndiponso kuti PHP ikatha memory imangosiya ntchito pakatikati. Kuyambira pa WordPress 5.2 ya mu 2019, plugin ikagwetsa webusaiti pamatumizidwa imelo yokhala ndi njira yolowera kukakonza. Imeloyo kawirikawiri imapita ku adiresi ya munthu amene anasiya ntchito kalekale, ndipo zimenezinso zimadziwika chifukwa cha 500.

Amene akufunadi woti amukwiyire ayang'ane 200 OK, wokondedwa wa aliyense. Plugin ikalavula chenjezo la PHP pamwamba pa yankho la REST API, seva imatha kunenabe kuti 200, zonse zili bwino. Mlembi amadina batani losungira nkhani mu Gutenberg, malo olembera nkhani a WordPress, n'kuuzidwa kuti yankho labwera si JSON yovomerezeka. Amadinanso, amatuluka n'kulowanso, amasintha pasiwedi, amaimbira kampani yosunga webusaiti. Kumeneko amayang'ana kaundula wa alendo, n'kupeza 200 pamzere uliwonse, n'kumuuza mwaulemu kuti kwawoko sakuona vuto lililonse.