Tatuluka, Koma France Akadali Pompo

Pa 23 June 2016 anthu a ku Britain anavota ngati dziko lawo likhalebe m'bungwe la European Union (EU) kapena lituluke. Lamulo lawo limalola nzika za maiko a Commonwealth zokhala kumeneko kuponya nawo voti, ndiye mkulu wina wa kwathu wokhala ku Leeds analawirira mbandakucha, bulangete paphewa, kuti akagwire malo pamzere. Anapeza kulibe mzere, kulibe msilikali, kuli gogo mmodzi ndi galu wake. Atachonga ndi pensulo anayang'ana chala chake n'kubwerera. "Mayi, mwaiwala kundipaka inki." "Kuno sitipaka inki, bambo." "Nanga mudziwa bwanji kuti ndavota kale?" "Tachonga dzina lanu m'kaundula, kwinako timangokukhulupirirani." Mkuluyo anatuluka n'kuimbira mkazi wake: "Amake mwana, musamasule masutikesi onse. Dziko ili silifika patali."

M'mawa mwake amayi ake anaimba kuchokera ku Ntcheu. "Wapambana ndani?" "Ofuna kutuluka, amayi, 52 pa 100 alionse. Ofuna kukhala apeza 48." "Alumbira liti?" "Palibe wolumbira. Koma nduna yaikulu, a David Cameron, amene anaitanitsa chisankhochi, akuti akutula pansi udindo." "Awathamangitsa?" "Ayi, okha." Foni inangoti zii. Kenako: "Mwananga, thamanga ukatape ndalama zako kubanki lero lomwe. Munthu sasiya mphika muli ndiwo."

Patangopita masiku anayi, pa 27 June, England inakwapulidwa 2-1 ndi Iceland, dziko la anthu osakwana 400,000, n'kutuluka mu mpikisano wa Euro 2016. M'bala ina ku Sunderland anthu onse anagwira kumutu, kupatula mdala mmodzi amene anakweza tambula m'mwamba. "Boma ili ndinkalipeputsa. Tavota Lachinayi, Lolemba tatuluka kale!"

Ku Ndirande nako kunali maliro. Mnyamata wina anakhala pakhomo pa nyumba yoonetsera mpira, misozi chuchuchu, ati matimu a ku England sadzaseweranso Champions League. Mnzake anamufunsa, "Kodi paja umasapota timu yanji?" "Chelsea." "Yomwe yathera pa nambala 10 ija? Pukuta misozi aise. Inu ku Ulaya munatuluka mu May, popanda voti."

Tidumphire ku Dedza. Namwino wina atabwera kutchuthi anayesa kufotokozera agogo ake, amene akhala ankhoswe a theka la mudzi, kuti chisudzulo cha Britain ndi EU boma la Britain likuti chidya mapaundi pafupifupi 39 biliyoni. Agogo anakhala bwino pampando. "Analowana liti?" "1973, agogo. Koma anafunsira kawiri, a Charles de Gaulle a ku France n'kuwakaniza mu 1963 ndi 1967." "Ndiye amene ankachonderera uja ndi amene akuchokayu?" "Eya." "Ana alipo?" "Scotland ikufuna kutsala, kumeneko 62 pa 100 anakana zotuluka." "Nanga mwini wakeyo akufuna chiyani kwenikweni?" "Akuti munda wa pakhomopo asamalimenso, apongozi asamamulamule, koma m'nkhokwe azitapa ngati kale." Agogo anawomba m'manja. "Aaa, ameneyo ndikumudziwa! Anakwatira mwana wa mlongo wanga ku Linthipe."

A Theresa May, amene analowa m'malo mwa a Cameron, anabwera ndi pangano lawo kuchokera ku Brussels, kulikulu la EU, aphungu n'kulikana katatu, ulendo woyamba ndi mavoti 432 kwa 202. Tsiku lotuluka linayamba kuyendayenda: 29 March 2019, kenako 12 April, kenako 31 October. Makobidi a chikumbutso a 50 pence amene anali atadindidwa kale 31 October anachita kuwasungunula. Mnyamata wa kofulira ndalama anapita kwa kapitawo wake. "Bwana, pa atsopanowa tidinde tsiku liti?" Kapitawo anapisa m'thumba n'kumupatsa choko.

Iyi ndiye musaseke kwambiri, inachitikadi. Mu December 2018 boma, poopa kuti katundu adzaunjikana padoko la Dover, linapereka kontirakiti ya mapaundi 13.8 miliyoni kwa kampani yotchedwa Seaborne Freight kuti iziwolotsa malole panyanja. Kampaniyo inalibe sitima ngakhale imodzi. Msodzi wina wa ku Nkhotakota atamva pa wailesi anatuma mphwake wa ku London kuti akamulembetse naye. Patapita sabata mphwake anaimba. "Malume, pepani, akuti simukuyenera." "Chifukwa?" "Ndinalakwitsa, ndinawauza kuti bwato muli nalo."

Mapeto ake anatulukadi pa 31 January 2020, 11 koloko usiku. Agogo ena a ku Dover anagona mochedwa, akuvina ndi mbendera. Kutacha kunja kunali kowala bwino, ndipo atatsegula katani anaona gombe la France lili mbuu patsidya, makilomita 33 omwe aja. Anaitana mdzukulu wawo mokalipa. "Tabwera udzaone! Anthu awa tinawavotera kuti achoke, mpaka pano sanasunthe ndi phazi limodzi lomwe!"

Pasipoti nayo inasintha, yofiirira ija inapita, inabwera ya buluu ngati ya makolo. Kontirakiti yopanga inapita kwa kampani ya Gemalto, ya ku France ndi Netherlands, ndipo timabukuto ankatipangira ku Poland. Bambo wina wa ku Essex anaipsompsona yake pabwalo la ndege la Alicante, n'kulunjika pamzere wa masiku onse. Anamubweza. Pamzere winawo anaima mpaka miyendo kuphwanya, ndipo atafika kutsogolo wapolisi anadinda chidindo. "Masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, bambo." "Ine? Ndili ndi nyumba konkuno! Ine ndinavota kuti alendo achepe!" "Ndi zimene tikuchitazi." Kumbuyo kwake kunali mayi wa ku Mzuzu, amene anamugwira paphewa mwachifundo: "Takulandirani, achimwene. Mzere uno timabwera ndi kamba."

Mu January 2021 a kasitomu a padoko la Hook of Holland ku Netherlands anayamba kulanda madalaivala ochokera ku Britain masangweji a nyama ya nkhumba, poti nyama ndi mkaka sizilowanso mu EU chisawawa. Wina anapempha kuti achotsemo nyamayo atsale ndi buledi, anamukanira, zonse zinapita. Dalaivala wa lole yotsatira ataona zimenezo anameza ake anayi motsatizana, maso ali tong'o. Atafika pawindo wa kasitomu anafunsa, "Muli ndi nyama iliyonse?" Dalaivala anageya, n'kuloza pamimba. "Ilipo, bwana. Koma imeneyi ilowa ngati katundu kapena ngati munthu?"

Mwezi womwewo asodzi a ku Scotland anali pamoto. Nkhanu zawo zamoyo, zimene kale zinkafika pamsika ku France mawa lake, zinkafera m'malole podikira zikalata za dokotala wa ziweto ndi za kasitomu. Ku nyumba ya malamulo nduna ina, a Jacob Rees-Mogg, anatonthoza mtundu kuti nsombazo tsopano ndi za Britain, choncho ndi zosangalala kuposa kale. Msodzi wina anatsegula chitseko cha lole yake, fungo linagwetsa ntchentche. Mnyamata wake anatseka mphuno. "Bwana, zonse zafa." "Usalire, mwana. Zafa zili nzika."

Tiwoloke tipite ku Ireland, kumene malire a makilomita pafupifupi 500 amadutsa m'minda ndi m'misewu, ndipo chisainireni pangano la mtendere la 1998 palibe amene akufuna kuonanso chipata cha asilikali. Mlimi wina munda wake unagawika pakati, uku Northern Ireland, uku Republic. Anaitana mlangizi. "Ng'ombe yangayi ikamadya, mutu umakhala ku EU, mchira ku UK. Ndilembe fomu iti?" Mlangizi anatsegula chibuku, thukuta kamukamu. "Udzu ndi katundu wolowa. Mkaka tiona ngati udutse njira yobiriwira kapena yofiira." "Nanga ndowe?" "Zimenezo pakirani bwinobwino mutumize ku London. Nkhani yonseyi inachokera komweko."

Mukuikumbukira basi yofiira ija ya ofuna kutuluka? Inalembedwa kuti Britain imatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, bwanji ndalamazo zipite ku zipatala za NHS. Mu 2021 bambo wina, atakhala pabenchi ya chipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anakodola namwino. "Mayi, ndalama za sabata ino sizinafike?" "Ziti?" "Za pa basi zija." "Zikadali pa basi pomwepo, bambo." "Nanga basiyo ifika liti?" "Dalaivala wake anabwerera kwawo ku Poland."

Madalaivala anasowadi, a bungwe la eni malole ankati akuperewera pafupifupi 100,000, ndipo mu September 2021 mafuta anasowa pamapampu. Azungu anasokonezeka, ena kulira, ena kumenyana. Mnyamata wa ku Area 25 wokhala ku Manchester anafika modekha ndi mpando wopinda, fulasiki ndi bawo. Anauza wa kutsogolo kuti azimitse injini azingokankha, wa kumbuyo anamuphunzitsa kucheza ndi mlonda kuti adziwe tsiku lobwera thanki. Pofika madzulo mzere wonse unkamutcha bwana. Usiku anaimbira kwawo: "Amayi, kuno ndazolowera tsopano, chitukuko chafika. Kwangotsala kuti magetsi ayambe kuzima."

Akatswiri a ofesi ya boma yolosera za chuma, Office for Budget Responsibility, anati m'kupita kwa nthawi chuma cha Britain chidzachepa ndi 4 peresenti poyerekeza ndi mmene chikanakhalira osatuluka. M'bala ina ku Stoke mphunzitsi anawerenga zimenezi mokweza, nkhope ili gwaa. Chidakwa china chinatembenuza botolo lake n'kuwerenga chizindikiro. "4 peresenti yokhayo ndi imene mukulirayi? Ine ndimamwa wa 5 tsiku lililonse ndipo kunyumba ndimafika."

Boma linati musadandaule, misika ina ilipo, ndipo mu December 2024 Britain inalowa m'gulu la zamalonda la maiko a kunyanja ya Pacific, CPTPP, limodzi ndi Japan, Australia ndi Chile. Mayi wogulitsa tchizi ku Somerset anafunsa mwamuna wake kuti msika watsopanowu uli kuti. Bamboyo anatenga mpira wa mapu a dziko uja, anayang'ana kutsogolo, anayang'ana m'mbali, kenako anautembenuza. "Uli kuseri kuno." "Nanga tchizi akafika ali bwino?" "Akafika ali ndi zidzukulu."

Kunyumba ina yosamalira okalamba ku Lincolnshire kunali agogo aamuna amene anavota kuti alendo achepe. Mtsikana wa ku Romania amene ankawasambitsa anapita, ndipo boma litatsegula ziphaso za ntchito yosamalira okalamba mu 2022 kunabwera mayi wa ku Harare, wa makolo a ku Mulanje. Agogo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Uja wa kale ali kuti?" "Munamuvotera kuti azipita, agogo. Kwezani mkono." "Nanga inu kwanu ndi mbali iti ya Ulaya?" "Kum'mwera, agogo. Mukafika ku Spain musaime."

Malume ena a ku Mchinji anapita kukaona mwana wawo ku London mu 2024, ndipo anawatengera pachipata cha Downing Street, kumene kumakhala nduna yaikulu. Woonetsa alendo anafotokoza kuti m'nyumba nambala 10 muli mphaka wotchedwa Larry, wogwira makoswe, amene analowamo mu 2011. "Chivotereni, m'nyumbamu mwatuluka a Cameron, a May, a Boris Johnson, a Liz Truss amene sanakwanitse ndi masiku 50 omwe, ndi a Rishi Sunak. Koma Larry alipobe." Malume anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, n'kukoka mwana wawo malaya. "Anthu asanu atuluka m'nyumba imodzi, mphaka yemweyo ali phee pakhomo, ndiye inu mukuti vuto ndi Brussels?"