Madzi saiwala khwawa, Debian naye saiwala DVD

Akuluakulu akati madzi saiwala khwawa, kawirikawiri amakhala akunena za anthu awiri amene anathetsa banja mokuwa, ankhoswe mpaka kutopa nawo, koma pakutha pa chaka n'kuwapeza akugulira limodzi tomato pamsika. Amene anapeka mwambiwu kompyuta sanaionepo. Komatu aliyense amene anaikapo Debian pa laputopu popanda intaneti akudziwa kuti makina nawo ali ndi wakale wawo amene samuiwala.

Zimayamba bwinobwino. Mwatsitsa fayilo ya ISO ya DVD, mwaiotcha pa flashi ndi Rufus kapena dd (kungoikopera ngati fayilo wamba sikuthandiza, makina sadzukira pamenepo), ndipo mwaika Debian 12, ija amaitcha bookworm, yotuluka mu June 2023. Nthawi yoikayo netiweki kunalibe, choncho funso lakuti mapulogalamu muzikawatenga pa seva iti munangolidumpha. Flashi mwaizula, mlamu wanu waitenga kale kuti aikemo nyimbo za kwaya. M'mawa mwake mwagula bando, mwalumikiza, mwauza apt, chida choikira mapulogalamu pa Debian, kuti akuikireni pulogalamu inayake. Iye akuyankha mwaulemu wonse kuti chonde lowetsani chimbale chakutichakuti mu /media/cdrom/ kenako mudinde Enter.

Chimbale chake chiti? Laputopuyo ilibe n'polowetsera chimbale pomwe. Chimbale chotero simunachigwirepo chibadwire. Mudinda Enter, akufunsanso. Mudindanso mwamphamvu poganiza kuti mwina sanamve, akubwereza mawu omwewo osapsa mtima, osasintha ndi chilembo chimodzi. Mukamupempha pulogalamu ina yomwe pa DVD ija panalibe, akukuuzani motsimikiza kuti chinthu chotero kulibe, chonsecho bookworm ali ndi mapaketi opitirira 60,000. Uku bando ikungodyeka.

Apt si wamisala. Iye sayendayenda pa intaneti kusakasaka zinthu. Amangopita kumene walembedwa kuti azipita, ndipo kolembedwako ndi mu fayilo ya /etc/apt/sources.list. Tsiku loika lija, makina analembamo kumene anamwa madzi koyamba, mzere woyamba ndi mawu akuti deb cdrom:. Zoti inali flashi iye alibe nazo ntchito. Chimene chinali pa flashiyo chinkadzitchula kuti DVD, ndiye DVD yomweyo ndi imene akuilira.

Mankhwala ake ndi kachizindikiro kamodzi. Tsegulani fayiloyo ndi nano muli root, ikani # kumayambiriro kwa mzere wa cdrom uja, ndipo pansi pake lembani khwawa latsopano:

deb http://deb.debian.org/debian bookworm main non-free-firmware

Muwonjezerenso mzere wa security.debian.org, kumene kumachokera zigamba zotseka mipata ya akuba, kenako apt update. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti # safufuta kanthu. Mzere wa wakale uja umakhalabe pomwepo, ukuoneka bwinobwino nthawi iliyonse mukatsegula fayiloyo. Nambala ikadali m'foni, kungoti sakuyimbanso.

Mwambiwu sunatiuze chinthu chimodzi: nanga khwawalo likauma? Ubuntu amene si wa LTS (uja wosamalidwa nthawi yaitali) amasamalidwa miyezi 9 yokha. Ikatha, pakapita nthawi mafayilo ake amasamutsidwa kupita ku old-releases.ubuntu.com, koma apt wanu sauzidwa. Iye amapitabe kwakale m'mamawa uliwonse, n'kubwerako ndi 404 mzere ndi mzere. Debian naye akale ake amawasungira ku archive.debian.org. Mukhoza kumulozera kumeneko ndipo amwadi, koma ndi madzi oima, palibenso amene akuwasefa. Kumeneko n'kopumirako pokonzekera kukwera pa mtundu watsopano, osati komangako nyumba.

Pali ena akaona khwawa limodzi lavuta amakumba asanu usiku umodzi: mzere wa Ubuntu, mzere wa Debian testing, wina anaupeza kwa munthu wosamudziwa, yonse mu fayilo imodzi. A Debian eniake makina otere anawapatsa dzina, FrankenDebian, ndipo mukawapempha thandizo funso lawo loyamba limakhala lakuti tione sources.list wanu. Apa mpamene munthu amayamba kunena kuti laputopuyo ndi ya msuweni wake.

Tisaseke makina okha. Ubuntu 24.04 anasamutsa nkhani yonseyi kupita ku /etc/apt/sources.list.d/ubuntu.sources, m'kalembedwe kena koti mukafuna kutseka gwero mumalemba Enabled: no. Akatswiri amene zala zawo zinazolowera njira yakale amatsegulabe sources.list, n'kupezamo kachikalata kowauza kuti tinasamuka. Amatseka, kudandaula kuti ana a masiku ano akuononga zinthu, ndipo sabata yamawa atsegulanso fayilo yomweyo.

Koma wondimvetsa chisoni kwambiri ndi laputopu ya kaunjika imene kabatire kake ka wotchi, kozungulira kaja ka CR2032, kanatha mphamvu. Magetsi akangozima nayo batire yaikulu n'kuphwa, imadzuka ikukhulupirira kuti tikadali zaka zambiri m'mbuyomu. Apt akapita ku seva amapeza fayilo ya Release ili ndi deti la sabata ino, n'kuikana kuti nthawi yake sinakwane, ndipo amawerengera ndithu kuti mudikire masiku masauzande angati. Mizere yanu yonse ili bwino, intaneti ilipo, seva ili moyo. Musanakalipire aliyense, lembani date pa terminal muone chaka chimene makina anu akukhala. Mukakonza wotchi apt amwa. Kabatire kaja mukapanda kusintha, ESCOM ikadzangothimitsanso mudzakambirana naye nkhani yomweyi.