Mlenje wa Kamvuluvulu

Mwa zodabwitsa zonse zimene ana a masiku ano amationetsa pa lamya zam'manja, palibe chimene chinandisowetsa tulo monga mbiri ya amuna a ku America amene, atakhuta nasowa chowadetsa nkhawa, amakwera magalimoto m'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, nayendayenda m'zigwa za Oklahoma ndi Kansas kusaka kamvuluvulu wamkulu, uja amabadwa mpweya wofunda wa kunyanja ukakumana ndi wozizira wa kumapiri a Rocky. Nyama yake sadya, chikopa chake safufuta. Angofuna kumjambula basi. Ndipo ngakhale kamvuluvulu wa ku El Reno, wotambalala makilomita 4, anapha katswiri Tim Samaras pamodzi ndi mwana wake mu 2013, alenje otere sanathe.

Tsono ine, amene ndamera imvi ndikulemba makilogalamu a tiyi pa sikelo ya esiteti ina kuno ku Thyolo, dzina langa losamvekapo pa wailesi, ndinati mumtima mwanga: kodi mphepo yakwathu ndi yamasiye, kuti isowe woilondola? Ndinasonkhanitsa zida, ndizo njinga yakapalasa yopanda mabuleki, lamya yobwereka kwa mphwanga, ndi jekete la ukwati.

Ndinayamba ndi chiperoni, mlendo wofatsa uja wochokera ku Mozambique nyengo yozizira. Koma popeza nkovuta kuthamangitsa chinthu chimene chakuzinga kale mbali zonse, ndinabwerako ndi chimfine. M'mwezi wa Okutobala ndinalondola kakamvuluvulu ka pamsika wa Luchenza kufikira kanafera m'mulu wa majumbo, ndipo chithunzi chitatuluka, munali chala changa chachikulu chokha.

Tsiku la ulemerero linadza ndi mvula yoyamba, pamene mtambo wakuda bii unadzuka cha ku Mulanje, mabulugamu nayamba kuwerama. Mayi a kunyumba anati, "Abambo, mukadayamba mwasanjika njerwa padengapo." Ndinawayankha mwaulemu kuti amuna a ku Oklahoma safunsidwa za njerwa. Ndinapalasa pakati pa minda, othyola tiyi akuthawa ndi madengu kumsana, a kapitao akundikuwira ngati ndapenga. Ndipo taonani, malata atatu anandipitirira m'mwamba mwaufumu, ine nkuwajambula ndi chimwemwe chosaneneka, kufikira ndinazindikira pa lata lachitatu chigamba cha phula chimene ndinamata ndi manja angawa chaka chatha.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma mphepo, yopanda mutu ndi umodzi womwe, inasenza langa kukalitula m'munda wa eni ake. Ndipo polibweza panafunika alamu anga onse, amene sanalipiritse kanthu koma nkhuku, thobwa ndi ufulu wondiseka kufikira imfa idzatilekanitse.

Chigamulo changa nachi. Wa ku America asake mphepo, pakuti ali ndi chipinda chapansi chobisalamo ndi inshuwalansi yomupukuta misozi. Koma ife amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023, nkuika m'manda abale athu ochuluka, tidziwa kuti kuno chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mphepo ndiyo mlenje. Chotero, owerenga okondedwa, mverani a zanyengo pa wailesi, khomani misomali Novembala asanafike, ndipo mayi akatchula njerwa, musatsutse. Wofuna njinga abwere tikambirane mtengo. Mabuleki akagula yekha.